Garchomp m'timu mwanu: Choice Scarf, Swords Dance kapena Rocky Helmet?

Anthu atatu kapena anayi akaunjikana pa foni imodzi, kaya pakhonde ku Chikanda kaya pansi pa mtengo ku Chanco, kuonerera Pokémon Showdown, masewero a pa intaneti omenyanitsa zilombo za Pokémon, mkangano wa Garchomp suchedwa kubuka. Wina amati mpatseni Choice Scarf azithamanga. Wina amati Swords Dance basi. Wachitatu amati awiriwo akungowononga chilombo chimene ntchito yake yeniyeni ndi kutchera miyala ndi kupirira nkhonya. Onsewo ali ndi mfundo, koma akunena za a Garchomp atatu osiyana, pomwe m'timu ya zilombo 6 muli malo a mmodzi yekha.

Tiyambe ndi manambala, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo. Garchomp ndi wa mitundu iwiri, Dragon ndi Ground, ndipo adayamba kuoneka mu Pokémon Diamond ndi Pearl mu 2006. Ma base stat ake ndi awa: HP 108, Attack 130, Defense 95, Special Attack 80, Special Defense 85, Speed 102. Nambala yofunika kuiloweza ndi yomalizayo. Pa level 100, mukampatsa ma EV (mapointi oonjezera amene mumagawira ma stat) 252 mu Speed ndi nature (khalidwe lokweza stat imodzi n'kutsitsa ina) ya Jolly, liwiro lake limafika 333, pomwe chilombo cha base Speed 100 chimalekera pa 328. Kusiyana kwa 5 kokhako n'kumene kudamtchukitsa kalelo. Lero zinthu zidasintha. Weavile amafika 383, Dragapult 421, Iron Valiant 364, ndipo uyu akalandira mphamvu ya item ya Booster Energy mu Speed amadumphira pa 546. Garchomp wa m'badwo wa Scarlet ndi Violet ndi wapakatikati pa liwiro, ndipo njira iliyonse ili m'munsimu ndi yankho losiyana pa vuto limeneli.

Move ya Ice imamupweteka kanayi, ya Dragon ndi ya Fairy kawiri. Ya Electric simukhudza n'komwe, choncho amatsekereza Volt Switch ndipo Thunder Wave samupundula. Fire, Poison ndi Rock amazipirira, ndipo Stealth Rock, msampha wa miyala wotcheredwa m'bwalo, imamudya gawo limodzi lokha mwa magawo 16 akamalowa. Pa ability, luso lobadwa nalo la chilombo, palibe chokambirana: tengani Rough Skin, imene imachotsa gawo limodzi mwa magawo 8 a HP ya aliyense womumenya mokhudzana naye thupi. Sand Veil ndi yodalira mwayi basi.

Choice Scarf

Iyi ndiyo njira imene oyamba kumene amaikonda, ndipo m'pomveka. Scarf imachulukitsa Speed ndi 1.5, kotero 333 uja amasanduka 499 Garchomp akangoponda bwalo. Mumaika ma EV 252 mu Attack, 252 mu Speed, 4 otsalawo mu Special Defense, ndi ma move awa: Earthquake, Outrage kapena Dragon Claw, Stone Edge, ndi Fire Fang kapena Poison Jab.

Nature ikhale Jolly, osati Adamant. Adamant imakweza Attack kuchoka pa 359 kufika 394, zimene zimakopa, koma liwiro la Scarf limatsikira pa 454. Volcarona wa Timid akavina Quiver Dance kamodzi amakhala pa 492. Jolly amamupitirira ndi 7 n'kumugwetsa ndi Stone Edge, imene imamupweteka kanayi. Adamant amatsala m'mbuyo, ndiye Scarf mwaivaliranji? Dziwaninso kuti Stone Edge imaphonya kamodzi mwa kasanu. Rock Slide ili ndi mphamvu 75 yokha poyerekeza ndi 100, koma imagunda ka 90 pa 100, ndipo pa mdani amene Rock imamupweteka kanayi, 75 imakwana.

Vuto la Scarf ndi lakuti mukasankha move, mwamangika nayo mpaka mutatuluka m'bwalo, ndipo ma move onse awiri akuluakulu a Garchomp ali ndi zilombo zimene sizimva kanthu. Mwaponya Earthquake, mdani walowetsa Corviknight kapena Landorus-Therian, mwamenya mphepo. Mwaponya Dragon Claw, walowetsa Clefable, mwamenyanso mphepo. Nthawi iliyonse zikatero mwampatsa mnzanuyo turn yaulere, ndipo wodziwa kusewera saitaya. Outrage ndiye imaonjezera moto. Ili ndi mphamvu 120, koma imakumangani ma turn awiri kapena atatu osatha ngakhale kutuluka, pomaliza n'kukusiyani mutasokonezeka mutu. Mukagwetsa nayo chilombo pa turn yoyamba, mdani amangolowetsa cha Fairy, inu mulibe pothawira, Moonblast n'kukupezani. Choncho Outrage isungeni mpaka zilombo za Fairy ndi za Steel za mdani zitatha.

Ife sitiona Scarf ngati njira yoipa, koma ndi yopapatiza. Imayenera timu imene zilombo zake zina zonse n'zochedwa ndipo ikusowa wobwezera msanga mdani akagwetsa chimodzi. Ngati muli kale ndi Dragapult kapena china chothamanga, Garchomp mpatseni ntchito ina.

Swords Dance ndi Scale Shot

Apa m'pamene Garchomp amaopsa zenizeni. Swords Dance imawirikiza Attack kawiri pa turn imodzi, 359 n'kukhala 718. M'masiku a Diamond ndi Pearl, Garchomp wa Swords Dance wonyamula Yache Berry, chipatso chimene chimadula pakati nkhonya yoyamba ya Ice, adasautsa anthu mpaka Smogon, gulu loika malamulo a masewerowa, idamuchotsa mu OU, gawo lalikulu la mipikisano yake. Mu Scarlet ndi Violet chimene chimayendetsa njirayi ndi Scale Shot pamodzi ndi Loaded Dice.

Scale Shot ndi move ya Dragon ya mphamvu 25 imene imagunda kawiri mpaka kasanu, kenako imakweza Speed ndi sitepe imodzi n'kutsitsa Defense ndi sitepe imodzi. Popanda item, ka 70 pa 100 imagunda kawiri kapena katatu kokha, mphamvu 50 kapena 75, zomwe n'zochepa. Ndi Loaded Dice imagunda kanayi kapena kasanu nthawi zonse, mphamvu 100 kapena 125, popanda kumangika kwa Outrage kuja. Ikagunda, Garchomp wa Jolly ali pa 499, liwiro lomwe lija la Scarf, koma ali ndi ufulu wosintha move. Ngakhale Adamant pano imatheka: 303 imakwera kufika 454, zomwe zimapitirira Dragapult. Pogunda kambirimbiri imathyolanso Focus Sash, Substitute ndi Multiscale ya Dragonite.

Ma move atatu ndi okhazikika: Swords Dance, Scale Shot, Earthquake. Malo achinayi ndiwo amavutitsa mutu, ndipo apa musachite za ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Simungagwire onse. Fire Fang ndi ya Corviknight ndi Skarmory. Poison Jab kapena Iron Head ndi za zilombo za Fairy. Stone Edge ndi ya zouluka zosakhala za Steel. Onani chimene timu yanu singathe kuchichotsa mwa njira ina, musankhe move ya chimenecho.

Musayembekezere zozizwitsa kwa Fire Fang. Mphamvu yake ndi 65 chabe. Ngakhale mutavina Swords Dance kamodzi, pa Corviknight wodzadza ma EV mu HP ndi Defense imachotsa theka la moyo kapena kupitirirako pang'ono, ndipo iye ali ndi Roost yodzichiritsira ndi Iron Defense yodzilimbitsira. Mukasanduka Tera Fire (Tera ndi kusintha mtundu wa chilombo kamodzi pa masewero) imafika pa magawo atatu mwa anayi kapena kuposerapo, komabe Corviknight wa moyo wonse sagwa ndi nkhonya imodzi. Ayenera kukhala atakukutidwa kale ndi anzanu a m'timu.

Pa nkhani ya Tera, mitundu iwiri ndiyo yoyenera kuiganizira. Tera Steel imapirira zonse zitatu zimene Garchomp amaziopa, Ice, Dragon ndi Fairy, ndipo imalimbitsa Iron Head, koma imakutsegulani ku Fire, Fighting ndi Ground, kotero Great Tusk amakulandirani ndi manja awiri. Tera Fire imapirira Ice ndi Fairy, ndipo chachikulu n'chakuti simupsa ndi Will-O-Wisp kapena Flame Body. Kupsa kumadula nkhonya zanu pakati, ndiye kuti Swords Dance ija yapita pachabe. Choipa chake n'chakuti Water, Ground ndi Rock zimayamba kukupwetekani kawiri, ndipo mukatuluka n'kubweranso, Stealth Rock imadya kota ya moyo wanu m'malo mwa kachigawo kakang'ono kaja. Earthquake ndi Scale Shot sizitaya STAB, mphamvu yoonjezera ya move yofanana mtundu ndi chilombo, mukasintha mtundu, pamenepo musade nkhawa.

Chimene chimagwetsa Garchomp uyu kawirikawiri ndi Defense yotsika ija. Walira mvula walira matope. Tengani chitsanzo cha Weavile wa Jolly wopanda item yoonjezera mphamvu. Ice Shard yake ili ndi mphamvu 40 yokha koma imayamba kugunda mosaona liwiro. Pa Garchomp wa HP 357 ndi Defense 226 imachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi kapena kupitirirapo, koma Garchomp wa moyo wonse amapulumuka. Scale Shot ikatsitsa Defense kufika 150, Ice Shard yomweyo imamugwetsa kamodzi n'kamodzi. Sucker Punch ya Kingambit ndi Extreme Speed ya Dragonite nazonso zimaluma kwambiri pa nthawi imeneyi. Scale Shot nayo imaphonya kamodzi mwa ka 10, ndipo ikalowera pa chilombo cha Fairy sikweza liwiro konse. Palinso a ability ya Unaware, monga Dondozo ndi Clefable, amene saiwerengera Swords Dance yanu ngakhale muivine katatu.

Ndiye njirayi imafuna kudekha kwa wosewera bawo amene amawerenga nkhomo zonse asanatakate. Pa team preview, poona matimu masewero asanayambe, werengani zilombo za mdani zokhala ndi Ice Shard, za Unaware, ndi za Steel zouluka. Garchomp asavine mpaka zimenezi zitagwa kapena zitafooka. Nthawi yabwino yovinira ndi pamene mdani ayenera kuthawa: Heatran amene akuopa Earthquake yomupweteka kanayi, kapena chilombo chomangika pa move ya Electric. Cholakwika chofala ndi kuvina kachiwiri pomwe kamodzi kanali kokwana. Turn yachiwiriyo ndi imene mdani amalowetsera chokugwetsani.

Rocky Helmet

Uyu ndiye Garchomp amene anthu samulemekeza mokwanira, mwina chifukwa sagwetsa zilombo zitatu motsatizana anthu n'kukuwa. Koma pa masewero 10 aliwonse, ntchito yake mudzaiona pafupifupi m'masewero onse, pomwe wa Swords Dance nthawi zina amatha masewero onse akudikira mpata umene sufika.

Masamu ake ndi osavuta. Rough Skin imadya gawo limodzi mwa 8, Rocky Helmet limodzi mwa 6. Kuphatikiza, aliyense womukhudza amataya magawo 7 mwa 24, pafupifupi 29 peresenti ya moyo wake, inu musanamenye n'kamodzi komwe. U-turn, Knock Off, Rapid Spin, Close Combat, Extreme Speed, Sucker Punch, zonsezi n'zokhudza thupi. Rillaboom amene amakonda kulowa n'kutuluka ndi U-turn akachita zimenezi katatu pa Garchomp watsala pang'ono kutha. Pa move yogunda kambiri chilango chimabwera pa kugunda kulikonse: Maushold akaponya Population Bomb yake yofika ka 10, amadzigwetsa yekha pa kugunda kwachinayi. Ndipo wozula misampha ndi Rapid Spin akagwa chifukwa cha chilango chimenechi, misampha imatsala pomwepo.

Kakonzedwe koyambira ndi ma EV 252 mu HP, 252 mu Defense, 4 mu Special Defense, nature ya Impish. Zimapereka HP 420, Defense 317, Speed 240. Liwiro limenelo limakwana kupitirira Kingambit, amene ngakhale wa Jolly amalekera pa 218. Ngati Heatran amakusautsani, chotsani ma EV 156 ku Defense muwaike mu Speed: mufika 279, pomwe Heatran wa Timid amalekera pa 278. Mwagula liwirolo ndi kulimba, choncho musachite izi mwachizolowezi chabe.

Ma move ndi Stealth Rock, Earthquake, Dragon Tail, ndipo mu Scarlet ndi Violet Garchomp adaphunzira Spikes, zomwe zidamupatsa move yachinayi yabwino. Stealth Rock imadya gawo limodzi mwa 8 pa chilombo wamba, kota pa chimene Rock imachipweteka kawiri, theka pa chonga Volcarona. Spikes mumatchera mpaka katatu: gawo limodzi mwa 8, kenako mwa 6, kenako kota, pa zilombo zoponda pansi zokha. Dragon Tail imagunda pomalizira pa turn, koma imakankhira mdani kunja n'kukoka wina mwachisawawa, amene amagwera pa misampha yomweyo. Imathandizanso kuchotsa mdani amene wayamba kudzikweza mphamvu. Pa Fairy sigwira.

Mavuto ake ndi atatu, ndipo ndi enieni. Loyamba, Garchomp alibe move yodalirika yodzichiritsira, ndipo popeza wanyamula Helmet alibe Leftovers, item yobwezera moyo pang'onopang'ono. Moyo ukapita wapita, pokhapokha mutamuika pamodzi ndi woponya Wish. Alomomola wa HP 534 amapatsira 267, kuposa theka la moyo wa Garchomp. Lachiwiri, nkhonya za special monga Moonblast, Ice Beam ndi Draco Meteor sizikhudza thupi, ngakhalenso Earthquake, choncho apo Helmet ndi katundu chabe. Musamusiye m'bwalo pamaso pa Dragapult wa Choice Specs poganiza kuti ndi wolimba. Lachitatu ndi Heavy-Duty Boots, nsapato zimene zimadutsa pa misampha yonse osamva kanthu. Timu yanu ikhale ndi woponya Knock Off kuti azivula nsapatozo. Ndipo kuti misampha isazulidwe, mnzake wabwino ndi Gholdengo: Rapid Spin simugunda chifukwa ndi wa Ghost, Mortal Spin simugunda chifukwa ndi wa Steel, ndipo ability yake ya Good as Gold imatsekereza Defog, move inanso yozulira misampha.

Pali chinanso chimene ife a kuno sitingachinyalanyaze. Ambiri timasewera pa foni, netiweki ikudukaduka, mwina magetsi atazima batire ili kumapeto, ndipo mdani akayatsa timer nthawi yoganiza imachepa. Garchomp wa Scarf amafuna kulosera molondola pafupifupi pa turn iliyonse, ndipo kulakwitsa kumodzi n'kokwera mtengo. Wa Helmet amagwira ntchito ngakhale mwasankha mothamanga: mwatchera miyala, mwalandira U-turn, phindu lilipo kale. Kwa amene akuphunzira kumene masewero a OU, uyu ndiye timamulimbikitsa kuyamba naye.

Njira zina

Choice Band imakweza Attack ya Jolly kufika 538 ndi ya Adamant 591 popanda kuvina. Ili ndi kumangika konse kwa Scarf koma ilibe liwiro lake, ndipo Swords Dance imapereka zoposa pamenepo pa mtengo wa turn imodzi. Sitiona chifukwa chokwanira choitengera.

Yochititsa chidwi ndi ya Life Orb yosakaniza nkhonya: Earthquake, Draco Meteor, Fire Blast ndi Stealth Rock, nature ya Naive. Special Attack 80 ndi yochepa, koma taonani amene amabwera kudzatchinga Garchomp. Great Tusk ali ndi base Defense 131 koma Special Defense 53. Skarmory ali ndi 140 ndi 70. Amalowa akuyembekezera nkhonya ya thupi, n'kulandira Draco Meteor ya mphamvu 130 kapena Fire Blast ya 110 pambali yawo yofewa. Life Orb imachulukitsa mphamvu ndi 1.3 koma imadya gawo limodzi mwa 10 a moyo wanu pa nkhonya iliyonse, choncho Garchomp uyu sakhalitsa. Ntchito yake ndi kubowola khoma kuti mnzake womenya ndi thupi adzadutse pambuyo pake. Akangodziwika, kudzidzimutsa kuja kwatha, ndipo mukamasewera ndi anzanu omwewo a ku Matawale kapena ku Chinamwali madzulo alionse, adzamudziwa pa tsiku lachiwiri.

Mega Garchomp mulibe mu Scarlet ndi Violet, koma pa Showdown mumampeza mu National Dex, gawo lololeza zilombo za mibadwo yonse. Attack yake imakwera kufika base 170 ndi Special Attack 120, koma Speed imatsika kufika 92, kutanthauza 311 pa Jolly, pansi pa 328 uja amene Garchomp wamba amamupitirira. Amamveka pokhapokha pali Tyranitar kapena Hippowdon woutsa mchenga, chifukwa Sand Force imakweza ma move a Ground, Rock ndi Steel ndi 30 peresenti mu mchengamo.

Kusankha

Musayambe ndi Garchomp, yambani ndi zilombo zisanu zinazo. Ngati palibe wotchera Stealth Rock, funso layankhidwa kale: Helmet, kapena Life Orb ngati timu yanu ndi yothamangitsa masewero. Ngati misampha ilipo koma palibe woopsa womalizira masewero, tengani Swords Dance ndi Loaded Dice, muonetsetse kuti muli ndi chochotsera Corviknight ndi Dondozo, monga chilombo champhamvu cha Electric. Ngati zonsezi zilipo koma mdani aliyense wodzikweza liwiro amakusesani, apo Scarf yapeza malo. Mulimonsemo, pakhale chilombo cha Steel cholandira Ice ndi Fairy m'malo mwake. Corviknight, Gholdengo kapena Heatran amakwana, ndipo Garchomp nayenso amawalandirira Fire kapena Electric zimene ena mwa iwo amaziopa.

Zonsezi ndi za masewero a chimodzi kwa chimodzi pa level 100. Mu doubles (ziwiri kwa ziwiri) a mipikisano ya VGC, kumene zilombo zimakhala pa level 50 ndipo mumasankha zinayi mwa 6, manambala ndi ena: Jolly amapereka Speed 169 pomwe a base 100 amalekera pa 167. Earthquake kumeneko imagunda adani onse awiri pamodzi ndi mnzanu yemwe, ndipo mphamvu yake imatsika ndi kota ikamagunda oposa mmodzi. Mnzake wa Garchomp akhale wouluka, wa Levitate, kapena aponye Protect pa turn imeneyo. Garchomp mwini naye asasowe Protect, ndipo chifukwa Intimidate ya Incineroar ndi yofala kumeneko, Clear Amulet, imene imaletsa mdani kukutsitsirani ma stat, nthawi zambiri imapindula kuposa Loaded Dice.